Dzina Limene NyaMhone Anabwereka

Mu tawuni ya Nkhata Bay ukafunsa kuti wodziwa kuchapa ndani, anthu akulozera kwa Millicent NyaMhone. Eni maloji a m'mbali mwa nyanja amamudziwa, alonda a pageti amamudziwa, ngakhale agalu awo analeka kale kumuuwa. Bedishiti likachoka m'manja mwake limathobwa m'maso. Anayamba ntchitoyi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, bambo ake atamwalira, sukulu n'kuthera mu Sitandade 7, ndipo lero imvi zayamba kutuluka akadali pamwala womwewo. Mwalawo uli kupitirira gombe la Mwaya pang'ono, pamene kamtsinje kamalowa m'nyanja. Pali mabango, madzi ake ngofatsa, mafunde sakulanda sopo m'manja. Ochapa anzake ankamuchitira kaduka kuti anasankha malo abwino. Akanadziwa sakanatero.

Anakwatiwa ndi Paston Longwe, amene nthawi imeneyo ankanyamula katundu padoko sitima ya Ilala ikafika. Paston anali munthu wa mawu ochepa ndi msana wolimba. Mimba yoyamba ya Millicent inapita padera ili ndi miyezi isanu, ndipo inayambira kunyanja komweko, dzuwa lili paliwombo. Paston atamva anataya thumba la eni ake padoko, nathamanga, n'kumubereka mkazi wake ngati mwana mpaka kuchipatala, chitunda chonse chija. M'njira patapata imodzi ya Paston inaduka n'kutsalira m'miyala. Millicent, magazi ali chuchuchu, anamuuza kuti abwerere akatole. Paston anayankha ali wefuwefu: "Nsapato ndikagula ina pamsika. Nanga iwe ndikakugula kuti?" Mawu amenewa sanawamve wina aliyense, ndipo Millicent anawasunga monga ena amasungira chithunzi cha ukwati. Pambuyo pake Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, Wezi.

Monga amachitira amuna ambiri a kuno, Paston anatsika ku Joni, nakakhalako zaka zisanu ndi zinayi akusamala maluwa a mabwana. Millicent anatsala akuchapa, akulera mwana, akuyang'anira amisiri pamene nyumba yawo ya malata inkakwera. Pakhomo pake sipanaoneke phazi la mwamuna wachilendo, ndipo ine amene ndikulemba ndikhoza kulumbira pa zimenezi. Koma m'zaka zimenezo thupi linayamba kumuvuta. Ululu wa m'chinena, kuyabwa, timagazi tobwera nthawi yosakhala yake. Sanauze munthu. Nkhani za m'chiuno sizikambidwa pamwala wochapira, pamene mawu amayenda pamadzi n'kukafika kwa asodzi.

Paston anabwerera kwathunthu mu Epulo 2023, ali ndi masutikesi atatu ndi wailesi yaikulu. Chimwemwe chinatha sabata imodzi. Usiku uliwonse Millicent ankaluma chitenje ndi ululu, ndipo m'mawa pabedi pankapezeka magazi. Ndi Paston yemwe amene anamuuza kuti apite akaonetse.

Kachipatala kamene anapitako sitikatchula dzina. Wachipatala wake sanali munthu woipa, kungoti pamzere panali anthu osawerengeka ndipo iye anali yekha. Anafunsa mafunso atatu maso ali pa pepala, sanamupime, anamubaya jakisoni, nalemba m'buku lake la kuchipatala kuti ndi matenda opatsirana pogonana, n'kudinda. Kenako anamupatsa kapepala: "Aka mukapatse amuna anu, abwere nawonso alandire mankhwala."

Millicent anakapereka kapepalako ndi manja awiri, mosaganiza kanthu, ngati akupereka lisiti la madzi. Paston anakawerenga kawiri. Anapita yekha kukayezetsa kwina, sanamupeze ndi kanthu, ndipo atabwerako anaima pakhomo osavula nsapato.

"NyaMhone, zaka zisanu ndi zinayi ine ndikudya buledi wouma kudziko la eni, iwe kuno ukuchapira alendo. Unkachapa zovala zokha?"

"Ada, Mulungu ndi mboni yanga," anatero Millicent, akumutchula mwaulemu wa Chitonga.

"Mulungu alibe chidindo. Ili buku lili nacho."

Anatenga buku lija ndi sutikesi imodzi n'kupita kwa mlongo wake wamkulu Rebecca, wogulitsa kaunjika pamsika. Nkhani ikafika pa kaunjika ndiye kuti yafika tawuni yonse. Pofika Lamlungu, amayi amene ankakhala naye benchi imodzi kutchalitchi anali atapeza mabenchi ena. Ndipo aliyense ankadziwa chimene chikubwera. Kwa a Longwe mwana ndi wa bambo. Banja likakhala pansi n'kumupeza wolakwa, Millicent adzatuluka m'nyumba imene anayang'anira kuyambira pa maziko, ndipo Wezi, amene anali Fomu 3, adzatsala. Nyumbayo akanaipirira. Za Wezi ndi zimene zinkamulanda tulo ndi njala yomwe.

Woweruza nkhani za banjalo anali a Zacharia, amalume a Paston, mphunzitsi wopuma ntchito. Iwo anali paulendo wa ku Lilongwe kukachitidwa opaleshoni ya maso, ndipo anangoti mlandu suola, udikire. Unadikiradi chaka chathunthu, Millicent akuyenda ndi manyazi amene sanawagule.

Mu Ogasiti munafika galimoto yoyera ya ofufuza a ku yunivesite ina. Ankafuna amayi amene ntchito yawo ndi ya m'madzi: ochapa, otsuka usipa, oviika chinangwa. Gulu lake linali losakaniza modabwitsa. Munali dokotala ndi anamwino, okhala ndi kachipangizo kojambula m'kati mwa thupi la mayi, komanso munali mayi wina wa magalasi, dzina lake Bertha, amene sankadziwa n'kubaya jakisoni komwe. Iye anali mphunzitsi wa mbiri ya anthu, ndipo chida chake chinali kojambulira mawu kakang'ono ngati sopo wosambira. Ankati matenda sakhala m'magazi mokha, amakhalanso m'mene anthu amakuonera. Pamsika anamuseka kuti kodi chilonda chinapolapo ndi nthano. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: Millicent anali wachitatu pamzere.

Namwino atamupima anamuonetsa chithunzi pa kompyuta. Panali timadontho tachikasu ngati mchenga womwazika.

"Ama, ili ndi likodzo."

"Likodzo? Lija la ana asukulu okodza magazi?"

"Lomwelo. Kwa amayi limabisala kuno. Tizilombo take timachokera ku nkhono za m'madzi odekha, timalowa pakhungu, mazira ake n'kukakhala m'njira ya chiberekero. Zizindikiro zake zimafanana ndi matenda aja, ndiye ambiri amasokoneza. Mumachapa pamalo a mabango?"

Millicent anafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye kuti si za amuna?"

"Ayi ama. Ndi za madzi."

Analira mpaka namwino anatseka chitseko. Anamuimika pa ndodo yoyezera msinkhu, namupatsa mapiritsi molingana ndi kutalika kwake, kenako kakhadi kobiriwira. Pakakhadipo panalibe dzina. Panali nambala yokha, 0417, chifukwa ofufuza salemba mayina pa zotsatira, kuteteza chinsinsi cha munthu. Tsiku lomwelo anathamangira kwa Rebecca kuti akamutenge Paston adzamve yekha kwa namwino. Anapeza Paston atakwera Ilala dzulo lake, wapita ku Likoma ku ganyu yomanga. Anadzitonthoza kuti palibe kanthu, khadi ali nalo.

M'mawa katatu anakhala ndi Bertha pansi pa mtengo wa mango, kojambulira kali pakati pawo. Anayamba ndi Chichewa chaulemu, koma mtima utatseguka Chitonga chinkangolowerera chokha. Ananena zonse: imfa ya bambo ake, mwala wake, Joni, kapepala, mabenchi a kutchalitchi. Ananena ndi za patapata zomwe, zimene sanauzepo ngakhale Wezi. Palibe munthu anali atamumvetserapo motero chibadwire.

Bertha anamufotokozera kuti nkhanizi zidzatuluka m'kabuku pamodzi ndi zimene madokotala apeza, koma dzina lake lenileni silidzalembedwa. Asankhe lina. Apa ndi pamene Millicent anadzikumbira yekha dzenje, ndipo anakumba ndi mphamvu zake zonse. Anaganiza za pa kaunjika, anaganiza za Wezi kusukulu anzake akuwerenga za m'chiuno mwa mayi ake.

"Musinthe zonse, mama. Musalembe kuti ndimachapa, ochapa kuno tilipo owerengeka. Musatchule Nkhata Bay. Musatchule Joni."

Dzina anasankha la Atupele. Analimva kalekale kwa mayi wina wogulitsa zitenje amene anatsika m'sitima akuseka mokweza ngati dziko ndi lake. Bertha anamuyamikira kuti ndi munthu wosamala, Millicent nasaina. Patatha masabata atatu galimoto yoyera inanyamuka.

Paston anabwera kuchokera ku Likoma kumapeto a Seputembala. Millicent anamupeza atakhala pa bero la kaunjika, nagwada pafumbi anthu akuona, n'kupereka khadi. Paston analitembenuza uku ndi uku.

"Nambala? Iwe dzina lako ndi 0417?"

"Ada, namwino ananena ndi pakamwa pake kuti ndi likodzo."

Rebecca anaseka akupinda siketi. "Mulamu, tonse timasamba m'nyanja momwemo. Bwanji ife sitidontha? Buku la dzina lanu likunena zina, khadi lotola pamsewu likunena zina. Ife timve ziti?"

Kuyambira pamenepo Millicent anakhala ngati nkhuku yodulidwa mutu. Anapita kuchipatala kuti amulembere kalata. Anamuyeza mkodzo, sanapeze kanthu, chifukwa mapiritsi aja anali atagwira kale ntchito. Zipsera za m'kati zinkafuna kachipangizo kaja, ndipo kanali katapita ndi eni ake. Anabwerera kwa wachipatala woyamba uja kuti afufute zimene analemba, anapeza atasamutsidwa. Anayesa kubweretsa mnzake woviika chinangwa amene anapezeka ndi vuto lomwelo kuti akachitire umboni, mnzakeyo anamugwira mkono n'kumupempha kuti asamutchule, amuna ake sakudziwa. Pomaliza anaimbira Bertha pa nambala imene inali pa pepala losaina.

"Mama, ndine Atupele. Ndine Millicent. Ndilembereni kalata yoti 0417 ndine."

"Ama, ine si dokotala, kalata yanga singagwire ntchito. Ndandanda yolumikiza mayina ndi manambala ndi yotsekeredwa. Kuti itsegulidwe mpaka komiti yoona za malamulo a kafukufuku ikhale pansi."

"Ikhala liti?"

"Ndilemba lero lomwe. Koma zimatenga nthawi."

"Ndiye bwezerani dzina langa m'bukumo. Lembani Millicent NyaMhone, wochapa, mkazi wa Paston Longwe. Lembani ndi zilembo zikuluzikulu."

"Kabuku kapita kale kosindikiza, ama. Ndiponso lamulo silitilola. Linaikidwa kuti likutetezeni."

"Likunditeteza kwa ndani? Onse akudziwa kale zoipazo. Chabisika ndi chabwino chokha!"

Pafoni Millicent anamva Bertha akufwenthera. Mayiyo analembadi kalata ku komiti, analembanso yachiwiri. Millicent ankaimba Lolemba lililonse mpaka anachita manyazi. Yankho linali lomwelo, loti nkhani ikuunikidwa. Anaonda mpaka chitenje chinkazungulira kawiri. Wezi anayamba kubisa zovala zake za sukulu kwa mnzake, kuti tsiku loipalo likadzafika azakhali ake asadzazipeze.

A Zacharia anabwerera mu Epulo 2024 maso akuona bwino, naika tsiku: Loweruka m'mawa, pakhonde pawo. Lachinayi lake kondakitala wa minibasi yochokera ku Mzuzu anamupatsa Millicent envelopu yochokera kwa Bertha. Munali kabuku kachikuto chabuluu, mbali ina Chichewa, mbali ina Chingerezi. Anakawerenga ataima pa siteji pomwepo, chala chikutsata mizere. Atupele anali pa tsamba 23. Anali woviika chinangwa wa m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja, mwamuna wake anapita kukagwira ntchito kutali. Bertha anali atasunga lonjezo lake bwinobwino, moti ngakhale mayi ake omubala sakanamuzindikira. Pansi pa nkhaniyo dokotala anali atalemba momveka kuti mayi ameneyu anapezeka ndi likodzo, osati matenda opatsirana, ndipo anazunzika popanda chifukwa. Chinthu chimodzi chokha sichinasinthidwe, chifukwa Millicent anaiwala kupempha: patapata ija inalimo, ndi mawu ake omwe.

Loweruka anavala diresi lake la kutchalitchi. Mbali yake kunali mlongo wake Masuzgo, msodzi, amene pa milandu amangoyang'ana zala zake. Mbali inayo kunali Paston ndi Rebecca. Rebecca anaika buku la kuchipatala patebulo, lotsegula pa chidindo. Millicent anaika kabuku kabuluu pambali pake.

"Ada, ndikupempha muwerenge tsamba 23. Munthu ameneyo ndine."

A Zacharia anavala magalasi atsopano nawerenga mokweza, ndi mawu awo a m'kalasi. Anawerenga za mtsikana wosiya sukulu, za zaka zodikira, za ululu wosauza munthu, za kapepala. Atafika pa mimba yopita padera anawerenga pang'onopang'ono. "Mwamuna wanga anandibereka kumsana mpaka kuchipatala. Nsapato yake inaduka m'njira. Ndinati bwererani mukatole, iye anati, nsapato ndikagula ina pamsika, nanga iwe ndikakugula kuti?"

Millicent sankayang'ana wowerenga. Ankayang'ana Paston. Anaona makiyi amene ankaseweretsa m'manja akugwa pansi, anaona maso ake akuthawira ku phazi lake lamanja, lomwe lija linafika kuchipatala lili ndi mabala. Anazindikira. Panalibe chikayiko, anazindikira. Mtima wa Millicent unadumpha ngati wa mtsikana.

A Zacharia atamaliza anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Rebecca anali akulira poyera, akufwenthera m'chitenje.

"Mayi ameneyu wazunzika, Ambuye!" anatero Rebecca. "Mwamuna wake ndi chitsiru. Munthu kumubereka kumsana dzana, lero n'kumutaya chifukwa cha kapepala? Ndikanamudziwa Atupele ameneyu ndikanamupatsa diresi laulere." Anapukuta misozi, natembenukira kwa Millicent. "Koma inu mulamu nkhani yanu ndi ina. Uyu ngoviika chinangwa. Inu mumalowa m'zipinda za alendo."

"Ndinawauza ndine kuti asinthe. Ndinkachita manyazi."

"Munthu wosalakwa amasintha dzina?"

Masuzgo anayesa kutsegula pakamwa, nati mlongo wake sananamepo chibadwire. A Zacharia anakweza dzanja. Anali munthu wachilungamo monga mwa nzeru zake, ndipo chilungamo chake chinali cha mphunzitsi: pepala lopanda dzina salichonga. Komabe china chake chinawakayikitsa, chifukwa anatembenukira kwa mphwawo n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Paston, mkazi ndi wako. Wamva zonse. Muli chilichonse m'nkhaniyi chimene ukuchidziwa?"

Millicent anagwada, namuitana Paston monga bambo wa mwana wake. "Awisi Wezi, nenani za nsapato. Chonde. Nenani za nsapato zokha."

Chaka chathunthu Paston anali atalalikira za mkazi wake padoko, pamsika, m'mabawo. Anali atapepesedwa, atagulidwa mowa, atatchedwa munthu wopirira. Anthu ankanong'onanso za mayi wina wa golosale wa ku Mpamba amene ankamuchapira malaya. Kuti avomere panopa, ndiye kuti chitsiru chimene mlongo wake wangochitchula chapezeka, chakhala pampando pomwepa. Anawerama, natola makiyi ake, nawapukuta fumbi limene panalibe.

"Asibweni," anatero mawu ali pansi, "Atupele ameneyo ine sindimudziwa."

Chigamulo sichinachedwe. Millicent abwerere kwao pofika kumapeto a mwezi, Wezi atsale kwa bambo ake amalize sukulu. A Zacharia anawonjezera mwachifundo kuti kalata ya dzina ikadzabwera banja lidzakhalanso pansi. Millicent anangogwedeza mutu. Kalatayo sinalinso ndi ntchito. Munthu mmodzi yekha amene ankafuna kuti adziwe zoona anali atadziwa kale, ndipo anali atayankha.

Atadzuka kuti azipita, Rebecca anamutsatira mpaka pa masitepe, maso akadali ofiira.

"Mulamu, za mlanduzi musandisungire kukhosi. Koma kabukuka mundibwerekeko. Lachinayi ndikufuna ndikawerengere amayi anzanga kutchalitchi, amve mmene ena akuvutikira. Tikamupempherere mayi ameneyu."

Millicent anayang'ana kabuku kali m'manja mwake. Anayang'ananso Paston, amene anali atatembenuka akuona khoma.

"Tengani, mulamu," anatero. "Atupele atsale kuno. Ndiye amene mwamukhulupirira."

Anatsika masitepe osacheuka. Kunyumba anavula diresi la kutchalitchi, nalipinda, namanga chitenje chake chakale. Loji ina inali itatumiza mabedishiti khumi ndi awiri ofunika Lolemba, ndipo mpope wa pakhomo unali utauma sabata yachiwiri. Namwino uja anali atamuchenjeza kuti akapitiriza kulowa m'madzi a mabango likodzo lidzabwerera. Anasenza beseni natsetsereka kulowera ku Mwaya, n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo.